Mwana wa zaka ziwiri amene sanayambe kulankhula: ntchito ya makolo ndi yotani?

Mwana akakwanitsa miyezi 24 mawu amene amanena asanakwane 50, kapena asanayambe kulumikiza mawu awiri monga "madzi ena" kapena "mpira wagwa", akatswiri a kalankhulidwe amamuika m'gulu la ana ochedwa kulankhula. Muyezo umenewu unafala kuchokera pa ntchito ya Leslie Rescorla wa ku United States, amene mu 1989 anatulutsa mndandanda wa mawu oposa 300 woti kholo lizichonga okhawo amene mwana wake amanena. Ana otere sasowa. Mwa ana 10 alionse a msinkhu umenewu, mmodzi kapena awiri amagwera m'gululi. Ambiri amadzawapeza anzawo asanayambe sukulu, n'chifukwa chake mawu oti "musiyeni, adzalankhula" amamveka anzeru. Koma ena sawapeza. Kafukufuku wa Courtenay Norbury ndi anzake ku England, wofalitsidwa mu 2016, anapeza kuti ana oposa 7 mwa 100 alionse oyamba sukulu ali ndi vuto lokhalitsa la chilankhulo popanda matenda ena odziwika oliyambitsa. Pa zaka ziwiri palibe amene angaloze motsimikiza kuti uyu lidzamuthera lokha, uyu ayi. Miyezi yodikirayo ndiye yofunika kuigwiritsa ntchito, ndipo amene amakhala ndi mwanayo maola ochuluka ndi makolo ndi omulera.

Izi sizikutanthauza kuti makolo ndi amene achedwetsa mwana. Kuchedwa kulankhula nthawi zambiri n'kwakumtundu, kumagwira anyamata kuposa atsikana, ndipo kumachuluka mwa ana obadwa masiku asanakwane kapena obadwa ochepa thupi. Banja limodzi lingalere ana atatu mofanana, awiri n'kulankhula msanga, wachitatu n'kuchedwa. Mwana wochedwayo amangofuna kuti chilankhulo chimufikire mwanjira yosavuta kugwira kuposa mmene abale ake anachifunira. Kuti makolo angathe kuchita zimenezi umboni ulipo. Mu 2011 Megan Roberts ndi Ann Kaiser a ku Vanderbilt University anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 18 wokhudza ana a miyezi 18 mpaka 60, n'kupeza kuti ana amene makolo awo anaphunzitsidwa njirazi anapita patsogolo pa kumva ndi pa kulankhula komwe kuposa ana amene sanathandizidwe. Makolowo anali ndi wowaphunzitsa ndi kuwaongolera, choncho ngati katswiri wa kalankhulidwe akupezeka kumene muli, m'funeni. Njirazo komabe mungayambe lero, tsiku lokaonana naye lisanafike.

Yambani ndi makutu

Mwana akayezedwe makutu kuchipatala, ngakhale atakhala kuti anayezedwa atangobadwa n'kupezeka bwinobwino. Ana aang'ono ambiri, makamaka odwala chimfine pafupipafupi, amasunga madzi onanda kuseri kwa kachikopa ka mkati mwa khutu. Madziwa kawirikawiri sapweteka, satulukira kunja, thupi silitentha, koma mwana amamva ngati munthu amene watseka makutu ndi zala. Chitseko chikamenyetseka amadzidzimuka, mukamukuwira amacheuka, ndiye aliyense amati makutu ali bwino. Chimene chimamudutsa ndi timaphokoso tofewa monga s, f ndi ts, tomwe timasiyanitsa liwu ndi linzake. Kuomba m'manja kumbuyo kwake sikungakuuzeni zoona, pakuti angaone mthunzi wanu kapena kumva kamphepo. Nthawi zambiri madziwa amauma okha m'miyezi itatu. Akakakamira, madokotala amaika timachubu ting'onoting'ono m'khutumo kapena kupereka makina othandiza kumva.

Chachiwiri, dziwani pamene mwana ali. Tengani kope mulembe mawu ake onse kwa sabata imodzi. Liwu ndi phokoso lililonse limene amalitulutsa yekha, mobwerezabwereza, potanthauza chinthu chimodzimodzi. "Dzi" ponena madzi ndi liwu. "Vuu" ponena galimoto ndi liwu. Zimene wangotsanzira pambuyo panu musawerenge. Ngati pakhomo pamalankhulidwa zilankhulo ziwiri, phatikizani mawu a zonse ziwiri. Mungakumane ndi miyezo yosiyana: mu 2022 bungwe la boma loona za umoyo la CDC ku United States linasintha mndandanda wake wa kakulidwe ka ana n'kuika mawu 50 pa miyezi 30, chifukwa limalemba zimene ana 75 mwa 100 amakhala atafika, ndipo akatswiri a kalankhulidwe ambiri anadandaula kuti muyezowo ungachititse makolo kudekha mopitirira. Kuyamba msanga sikuononga kanthu, ndiye tsatirani muyezo wa miyezi 24.

Kuchuluka kwa mawu pakokha sikukwanira. Yesani ngati amamvetsa mawu: manja anu ali phee, maso osayang'ana chinthucho, nenani kuti "katenge nsapato". Ana ambiri amaoneka ngati akumva mawu pamene akungotsatira chala kapena chizolowezi. Onaninso ngati amaloza chinthu kuti akuonetseni, ngati amatsanzira zimene mukuchita, ngati amaseweretsa chidole ngati akuchimwetsa kapena kuchigoneka, ndiponso ngati ali ndi maphokoso osiyanasiyana monga b, d, m, t ndi k. Mwana amene amamvetsa bwino mawu ndipo amalankhula ndi manja kwambiri ali ndi mwayi waukulu wowapeza anzake. Amene kumvetsa kwake nakonso kwatsalira ndiye wofunika thandizo la katswiri mosazengereza.

Kudikira

Makolo ambiri akauzidwa kuti mwana wachedwa amayamba kumulankhula mosalekeza. Maganizo amenewa analimba pambuyo pa kafukufuku wa Betty Hart ndi Todd Risley wa mu 1995, amene anawerenga mawu olankhulidwa m'mabanja 42 n'kuonetsa kusiyana kwakukulu pakati pa mabanjawo. Kafukufuku wapambuyo pake anaonetsa kuti pali china cholemera kuposa kuchuluka kwa mawu. Mu 2018 Rachel Romeo ndi anzake a ku mayunivesite a MIT ndi Harvard anayeza ana 36 a zaka 4 mpaka 6, n'kupeza kuti chogwirizana kwambiri ndi luso la chilankhulo, komanso ndi mmene mbali ya ubongo yoona za kulankhula imagwirira ntchito, ndi kusinthana: mwana wanena, wamkulu wayankha, mwana wabwezanso. Mwana wochedwa kulankhula amatenga nthawi kuti akonze zoti anene. Wamkulu akamadzaza mpata uliwonse, mwanayo sapeza polowera, ndipo pang'ono ndi pang'ono amasiya kuyesa.

Bungwe la Hanen Centre la ku Toronto, limene Ayala Hanen Manolson analiyambitsa mu 1975, limaphunzitsa makolo zinthu zitatu zisanabwere zina zonse: kuyang'anitsitsa, kudikira ndi kumvetsera. Pochita zimenezi khalani pansi kapena gonani chafufumimba kuti nkhope yanu ikhale patsogolo pa nkhope ya mwana, aone milomo yanu. Tsekani pakamwa. Weramirani kutsogolo pang'ono, maso otsegula, nkhope yosonyeza kuti mukuyembekezera kanthu, ndipo werengani chamumtima kufika pa 10. Masekondi 10 ndi ambiri kuposa mmene amamvekera, ndipo makolo ochuluka amalephera kufika pamenepo. Chilichonse chimene mwana achite mumpata umenewu, kaya kukuyang'anani, kutambasula dzanja, kapena kungoti "aa", chitengeni ngati mawu ake, muchiyankhe nthawi yomweyo. Mukatero dikiraninso. Pa njira zonse zili m'nkhani ino iyi ndiyo yovuta kuizolowera, ndipo ndiyo imene zina zonse zimatsamira.

Mukayankha, yankhani pa chimene mwana akuyang'ana. Michael Tomasello ndi Michael Farrar anaonetsa mu 1986 kuti ana amaphunzira liwu mosavuta wamkulu akatchula chinthu chimene mwana waika kale maganizo ake, kusiyana ndi pamene akumukokera ku china. Chifukwa chake n'chakuti mwana wa msinkhu uwu sangathe kusiya chinthu chimodzi, kutembenukira ku chinzake, kumva liwu latsopano n'kulumikiza zonsezo nthawi imodzi. Tiyerekeze kuti mukumusambitsa ndipo watenga kapu, akuidzaza ndi kukhuthula. Inu munafuna kumuphunzitsa ziwalo za thupi, zisiyeni kaye. Tengani kapu ina muchite zimene akuchita. Madzi akamatsika nenani "khuthula!" Kapu ikakhala yopanda kanthu, yang'anani mkatimo muti "atha". Dikirani. Akaidzazanso n'kukuyang'anani, kwezani kapu yanu, mutsegule pakamwa ngati mukufuna kunena, koma osanena. Mwina angoti "tu". Bwezani ndi nkhope yowala: "Khuthula! Khuthula madzi!" Masewera amenewa angabwerezedwe ka 15 mwana osatopa, ndipo wotopa msanga amakhala wamkulu.

Sitepe imodzi patsogolo

Ziganizo zanu zikhale zotalikirapo pang'ono chabe kuposa za mwana. Ngati alibe mawu, gwiritsani ntchito liwu limodzi kapena awiri ndi maphokoso osangalatsa monga "phaa", "gwa", "mee". Ngati amanena liwu limodzi, inu onjezerani lina: iye akati "mpira", inu muti "mpira wagwa" kapena "ponya mpira". Ngati amalumikiza awiri, bwezani chiganizo chachifupi chathunthu. Kufupikitsa sikutanthauza kuphwanya chilankhulo. Nenani "galu wathawa" mmene munganenere kwa wamkulu, chifukwa timagawo tam'mutu mwa mawu, tosonyeza wochita ndi nthawi, mwana amatiphunzira pomva tikugwira ntchito molondola. Lankhulani modekha, mawu akukwera ndi kutsika, ndipo liwu lofunika likhale kumapeto kwa chiganizo kumene khutu limaligwira mosavuta.

Akatchula molakwika, musamuuze kuti walakwa. Akati "tapato", yankhani kuti "eya, nsapato, vala nsapato". Wamva katchulidwe koyenera kawiri, ndipo waona kuti kuyesa kwake kwagwira ntchito.

Mafunso ndi msampha umene pafupifupi kholo lililonse limagwamo. "Ichi n'chiyani? Nanga ichi? Tanena mpira. Nena mpi-ra." Funso lotere silipatsa mwana liwu latsopano. Ngati akulidziwa, sanaphunzire kanthu, ndipo ngati sakulidziwa, walephera mayeso pamaso panu. Ana ambiri ochedwa kulankhula amadziwa kale kuti kulankhula kumawavuta, ndiye akamakakamizidwa amatembenuza nkhope kapena kuchokapo. Akatswiri ena amalangiza kuti pa funso limodzi pakhale ndemanga zinayi. M'malo mwa "ukuchita chiyani?" nenani "ukukankha galimoto". Funso lothandiza ndi losankhitsa: mutagwira zinthu ziwiri pafupi ndi nkhope yanu, muti "mpira kapena buku?" Yankho lili kale m'funsomo. Akaloza osanena, mpatseni uku mukutchula: "buku, nali buku".

Mawu 10 osankhidwa

Njira imene yayesedwa mwachindunji pa ana ochedwa kulankhula ndi yosankha mawu ochepa n'kuwabwereza mwadala. Luigi Girolametto ndi anzake ku Toronto anaiyesa mu 1996 pa ana 25, amayi awo ataphunzitsidwa, ndipo anawo anaonjezera mawu osankhidwawo ndi ena osasankhidwa omwe kuposa anzawo amene ankadikira thandizo. Sankhani mawu 10 amene mwana amawamvetsa kale koma sawanena, amene amakhudza zinthu zimene amazikonda, ndipo amayamba ndi maphokoso amene iye amatha kale kutulutsa. Ngati ali ndi b ndi m yekha, "bwera" ndi "madzi" ali pafupi naye kuposa "tsegula". Osadzaza mndandanda ndi maina a zinthu okhaokha. Ikanimo aneni anayi kapena asanu monga "gona", "bwera", "ponya", "tsika", ndi mawu ngati "ayi", "ena", "basi", chifukwa mwana amene ali ndi maina okha alibe cholumikizira mawu awiri. Mitundu, manambala ndi zilembo zidikire. Sizimuthandiza kupempha, kukana kapena kudandaula.

Liwu lililonse linenedwe kasanu kapena kuposa m'kanthawi kochepa, likugwirizana ndi chimene chikuchitika: "Madzi. Ukufuna madzi. Nawa madzi. Imwa madzi. Madzi atha." Simukumupempha kubwereza. Matani mndandandawo pamalo oonekera kuti aliyense womulera agwiritse ntchito mawu omwewo. Mwana akanena liwu yekha katatu pa nthawi zosiyana, lichotseni muikepo lina. Pamilungu yoyamba mwina simumva kanthu, ndipo apa ndi pamene ambiri amasiyira, chonsecho kumvetsa kumayamba kukula kulankhula kusanaonekere.

M'patseni chifukwa cholankhulira. Mwana amene amapatsidwa chilichonse asanapemphe, kapena amene mkulu wake amamuyankhira, alibe ntchito yogwiritsira mawu. Ikani chidole chimene amachikonda m'botolo loonekera mkati lotsekedwa mwamphamvu. M'patseni zidutswa za choseweretsa chimodzichimodzi. Uzirani thovu la sopo kamodzi n'kutseka. M'vekeni nsapato imodzi n'kuima. Imbani nyimbo imene amaidziwa n'kusiya liwu lomaliza. Paliponse dikirani masekondi aja, mulandire chimene wapereka, mutchule liwu, mum'patse. Cholakwika chofala ndi kumana mwana chinthu mpaka atanena liwu. Zimenezi zimathera m'kulira, ndipo mwana wolira saphunzira. Mukadikira kamodzi kapena kawiri, tchulani liwulo nokha n'kupereka.

Manja musawaope. Kugwiritsa ntchito zizindikiro za manja pamodzi ndi mawu, monga kutambasula zikhatho ponena "atha", sikuchedwetsa kulankhula. Kumachepetsa kukwiya, ndipo nthawi zambiri liwu limatsatira chizindikiro, kenaka chizindikirocho chimasiyidwa chokha.

Ndi buku, khalani moyang'anizana, mwana agwire ndi kutsegula yekha. Simukuyenera kuwerenga zolembedwa zonse kapena kuyambira kutsamba loyamba. Akakhazikika pa chithunzi chimodzi, khazikikani pomwepo. Grover Whitehurst ndi anzake anaonetsa mu 1988 kuti ana a zaka ziwiri amapindula kwambiri kholo likasandutsa kuwerenga kukhala kucheza, mwana akuloza ndi kunena, kholo likuonjezera. Buku lomwelo tsiku ndi tsiku ndi labwino kuposa latsopano nthawi zonse. Zithunzi za abale kapena za m'magazini zimagwira ntchito yomweyo.

Foni, TV ndi zilankhulo ziwiri

Mu 2003 Patricia Kuhl ndi anzake a ku University of Washington anatenga makanda a miyezi 9 a m'mabanja olankhula Chingerezi n'kuwamvetsa Chitchaina cha Mandarin maulendo 12. Amene anasewera ndi munthu wamoyo anaphunzira kusiyanitsa maphokoso a chilankhulocho. Amene anaonera anthu omwewo pa vidiyo sanaphunzire kanthu. Vidiyo siidikira mwana ndipo siimuyankha. Malangizo a bungwe la WHO a mu 2019 amati mwana wosakwana zaka 2 asamakhale akuonera TV kapena foni, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku. TV yoyatsidwa popanda woionera nayonso imaononga, chifukwa akulu amalankhula ndi mwana mochepa ndipo phokoso lake limakwirira mawu. Foni ya kholo ndi chimodzimodzi: maso akakhala pa foni, kuloza ndi kuyang'ana kwa mwana kumadutsa osayankhidwa.

Zilankhulo ziwiri sizichedwetsa mwana, ndipo ana amene ali ndi vuto la chilankhulo amatha kuphunzira ziwiri. Kholo likasiya chilankhulo chake n'kuyamba china chimene silichidziwa bwino, mawu ake amachepa, nthabwala ndi nyimbo zimatha, ndipo mwana amataya njira yochezera ndi agogo ake. Aliyense alankhule naye chilankhulo chimene amamasuka nacho. Za kachingwe kapansi pa lilime, kangavutitse kuyamwa kapena katchulidwe ka maphokoso ena, koma si kamene kamachititsa mwana kukhala ndi mawu ochepa, ndipo kukadula sikubweretsa mawu.

Nthawi yake ndi kudziyeza

Patulani mphindi 10 mpaka 15, kamodzi kapena kawiri pa tsiku, zosewera inu awiri, TV yozimitsa, zoseweretsa ziwiri kapena zitatu zokha pansi. Zambiri zimabalalitsa maganizo, ndipo zolira zokha ndi mabatire zimachepetsa kulankhula kwa wamkulu. Pambali pa izi sankhani zochitika ziwiri za tsiku ndi tsiku, monga kusamba ndi kuvala, zoti muzigwiritsiramo ntchito mawu 10 aja. Musayambe njira zonse nthawi imodzi. Sabata yoyamba ikhale ya kudikira kokha, yachiwiri muonjeze kuchepetsa mafunso, yachitatu mawu osankhidwa.

Palibe amene amadzimva mmene amalankhulira. Imikani foni penapake ijambule mphindi 5 za masewera anu, kenaka muonere muli ndi cholembera. Werengani mafunso amene munafunsa, maulendo amene mwana anayamba yekha kanthu, ndi angati mwa iwo munawayankha. Kuonera vidiyo motere ndi njira imene akatswiri amagwiritsa ntchito pophunzitsa makolo, kuphatikizapo m'kafukufuku wa PACT wa ku United Kingdom wofalitsidwa mu 2010, wokhudza ana 152 a autism, vuto la kakulidwe limene limakhudza kucheza ndi kulankhulana ndi anthu ena. Jambulaninso pakatha mwezi. Kusintha koyamba kumaoneka mwa inu, kenaka m'kuyang'ana ndi maphokoso a mwana, mawu amabwera pambuyo.

Pakatha miyezi itatu werenganinso mawu a m'kope lija. Ngati palibe kusintha kooneka, bwererani kuchipatala mukapemphe kuti mwana aunikidwe kakulidwe kake konse. Pali zizindikiro zina zimene sizidikira miyezi itatu: mwana amene wataya mawu kapena luso limene anali nalo, pa msinkhu uliwonse, amene pofika miyezi 12 satulutsa maphokoso obwereza monga "bababa" ndipo sacheuka akaitanidwa dzina, amene pofika miyezi 18 saloza chinthu kuti akuonetseni, amene pa zaka ziwiri samva malangizo osavuta, amene amatsamwa kawirikawiri pomeza. Bungwe la madokotala a ana la American Academy of Pediatrics limalangiza kuti mwana aliyense aunikidwe za autism pa miyezi 18 ndi 24, ndipo fomu yodziwika ya M-CHAT-R, ya mafunso 20 oyankha kholo, imagwira ntchito pa ana a miyezi 16 mpaka 30. Popita kukaonana ndi dokotala tengani kope la mawu, zotsatira za kuyeza makutu, ndi mavidiyo awiri aja, yoyamba ndi yaposachedwa, chifukwa ana ambiri akalowa m'chipinda chachilendo satulutsa ngakhale liwu limodzi.